Chaka Chimene Tonse Tinali Shapu

Ndikakumbukira nyengo yozizira ya chaka chimenecho, chimene chimayamba kundifikira si nkhope ya munthu ayi, koma fungo la mafuta a zitumbuwa litasakanikirana ndi nkhungu. Kwathu ku Malabada, m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Ndirande, chiperoni chinkatsika m'mamawa n'kukhala pakhomo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Amayi ankakhala atakoleza kale mbaula kuseri kwa nyumba, atadzikulunga zitenje ziwiri, mwendo wawo wotupa uja atausanjika pa njerwa, akuponya timibulu ta nthochi ndi mgaiwa m'chiwaya. Ine ndinkaima chapambali, miyendo ili mbuu ngati ndagona paphulusa, manja m'khwapa, ndikudikira mawu omwe aja a tsiku ndi tsiku: "Thamanga ukadzutse anthu, ubwereko belu lisanalire." Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ntchito imeneyi ndinkadana nayo kuposa kukwecha mapoto.

Kudzutsa kumene ndikunenaku ambiri anakuiwala. Unkapita pakhomo pa m'bale wako m'mawa, n'kuodira, n'kugwada, n'kufunsa kuti wadzuka bwanji, kenako n'kukhala chete kudikira yankho lonse mpaka lithe. Amayi ankati moni wam'mawa ndi sikelo ya anthu akuluakulu: mwana amamupachika pa sikelo kuti aone ngati akukwera kapena akutsika, wamkulu umamufunsa mmene wadzukira. Iwo sakanatha kupita okha. Bambo anali atamwalira ine ndili wamng'ono, zitumbuwa ndizo zinkatidyetsa, ndipo anthu opita ku mafakitale a ku Makata ankadutsa pakhomo pathu nthawi yomweyo, aliyense akufuna chotentha choti adye akuyenda. Kuwonjezera apo mwendo uja sunkafuna zitunda. Choncho miyendo yawo ndinali ine, makutu awonso ndinali ine. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti chimene wamva ubwere nacho chonse, osatayako m'njira, monga mmene umasenzera ndowa yodzaza kuchokera pampopi.

Makomo ake anali awiri. Loyamba linali la amalume a Layisoni, mlongo wawo wa amayi, amene ankalonda pa fakitale ina. Ndinkawapeza atangoweruka kumene, atakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, chipewa chaubweya chikadali kumutu. "Kudzuka tadzuka, mama," ankayamba choncho, ndipo ine mumtima ndinkangoti basi, lero chikwapu cha kusukulu sindichithawa. Munkabwera msana, munkabwera bondo lakumanzere, dzino limene linkawawa akamwa tiyi, chifuwa cha mwana wawo wotsiriza, nkhuku imene sinalowe m'khola dzulo, mpaka maloto a akazi awo. Ine mawondo akulumidwa ndi timiyala, mamina akutsika, koma osaloledwa kudzuka mpaka atanena kuti, "Kaya alongo anga kumtundako?" Zonsezo ndinkakazikhuthula kwa amayi iwo akutembenuza zitumbuwa, ndipo ankazisankha ngati nyemba palichero. Msana ankati ndi wakale, uusiye. Bondo nalonso. Za nkhuku ankangoseka. Koma akamva za chifuwa cha mwana ankaimitsa chipande n'kufunsa kuti chatha masiku angati, ndipo akakhala atatu, masana ake ndinkabwereranso komweko ndi mandimu pamodzi ndi uthenga wakuti mawa mwanayo akaonekere kuchipatala.

Khomo lachiwiri linali la achemwali anga a Felesiya, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ankagwira ntchito mu saluni ina m'tauni, ndipo ankachita lendi kachipinda kuseri kwa okala ina ku Chinseu. Kuchoka kwawo pakhomo sikunali kwabwino. Nthawi imeneyo akazi anali atangololedwa kumene kuvala mathalauza, ndipo achemwali anali m'gulu la oyamba kutsika nalo m'minibasi, lakuda, lamba wake wonyezimira, anyamata a pamsika akuimba malikhweru. Amayi atawaona anati chimenecho chisadutsenso pakhomo pawo. Achemwali anangolowa m'nyumba, n'kulongedza chikwama. Amayi nawo analumbira kuti phazi lawo silidzaponda m'kachipindako mpaka mwini wake atabwera kudzapepesa atavala chitenje. Onse awiri anali ouma mutu mofanana, ndipo aliyense ankati wouma mutu ndi mnzakeyo. Komabe kudzutsa sikunaime ngakhale tsiku limodzi. Amayi ankati kukwiya n'kwina, kudzutsa n'kwina.

Chaka chimenecho matipate anali atangolowa, sukulu itangokhala yaulere, ife tikuphunzira pansi pa mtengo tili anthu osawerengeka. Pakamwa pa anthu panali patamasuka. Munthu ankatha kutukwana boma pa sitolo n'kukagona kunyumba kwake, chinthu chimene amalume ankachionabe ngati maloto. Koma pamodzi ndi ufuluwo panabweranso timawu tina, tochokera m'zisakasa za mavidiyo zimene zinkabangula tsiku lonse, tochokera kwa makondakitala, tochokera kaya kuti. Tinali ngati kaunjika yemwe anadzaza msika chaka chomwecho, zovala zoti ena anavala kale kutali n'kuzitaya, ife kuno n'kumalimbirana. Shuwa. Fayini. Okhe. Eniweyi. Siriyasi. Noprobulemu. Sole. Ndipo mfumu ya tonseto inali shapu. Wogulitsa makala anali shapu, wometa anali shapu, mpaka mkulu wina wa kwaya kutchalitchi kwathu anayamba kukhala shapu. Tsiku lina ndinaona bambo wina atagwa ndi njinga pafupi ndi msika, matumba a makala ali mbwee, chigongono chikuchucha magazi, koma anthu atathamangira anadzuka akunena kuti shapu, shapu, ndipo anthu aja anabwereradi.

Amayi timawu timeneti tinkawanyansa ngati ntchentche ya m'tiyi. Mwana wa aneba ataswa mbale yawo yadothi anati sole ali kale pa mpanda, ndipo amayi anadandaula za sole ameneyo kuposa za mbaleyo. Ankati kale munthu akalakwa ankaima, n'kuyang'ana chimene waononga, koma sole uyu amanenedwa ndi kumsana. Mmisiri wina amene anamuitana kuti adzamate denga anawayankha noprobulemu katatu konse, ndipo denga lija linadonthabe mpaka mvula inatha. Kuyambira pamenepo munthu akangoti noprobulemu amayi ankati, "Ayi ndamva, ndifuna wina." Ine zonsezi ndinkaziona ngati ukalamba chabe. Timawu timeneti ndinkatikonda ndi mtima wanga wonse, ndinkatiyeserera ndili ndekha pobwera kumpopi, ndipo mphunzitsi wanga wamkulu anali achemwali.

Kachipinda kawo kanali dziko lina. Munkanunkhira mankhwala a tsitsi ndi sopo wabwino, kukhoma kuli zithunzi zodula m'magazini, pawindo pali wailesi ya kaseti. Sankandilola kugwada. "Iwe, tadzuka apo, kuno si kwa masteni," ankatero akudzola pagalasi, ndipo ndisanamalize n'komwe funso langa yankho linali litabwera kale: "Shapu, sisi." Basi. Kwa amalume ndinkachokako nditasenza katundu wa mutu wonse, kuno ndinkachokako ndi kamawu kamodzi kolowa m'thumba la yunifolomu. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawaphunzitsa amalume kuti nawonso adziyankha chomwecho.

Tsiku loyamba limene ndinakatula shapu ameneyu kunyumba ndimalikumbuka bwino. Amayi anaimitsa chipande m'malere. "Ati chiyani?" Ndinabwereza. "Kodi ndakutuma kwa mwana wanga kapena kwa kondakitala? Bwerera ukafunse bwino." Ndinabwereradi, ndikulira ndi mkwiyo njira yonse, ndipo achemwali anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndikawauze masteni kuti shapu ndi shapu, alibe mchira. Tsiku limenelo ndinakwapulidwa kusukulu. Mawa lake amayi analalata koma sanandibweze. Mkuja wake anang'ung'udza. Pomatha sabata ankangoti mhm, maso ali m'chiwaya, chifukwa mafuta sadikira munthu ndipo ogula anali ataima. Ndili mwana ndinkaganiza kuti tawagonjetsa. Pano ndikudziwa kuti anangotopa, monga amatopera munthu aliyense amene akukangana ndi tauni yonse ali yekha.

Chifuwa cha achemwali poyamba ndinkachiona ngati cha wina aliyense m'nyengo yozizira. Ndirande yense ankatsokomola, ndani akanachiwerengera? Koma kenako ndinayamba kupeza bulangete lawo litayanikidwa pachingwe m'mawa uliwonse, lili chinyontho, m'masiku amene ife kunyumba tinkagona titavala majuzi. Kenako inabwera nkhani ya lamba. Thalauza lija linayamba kukhwepa, ndipo m'mawa wina anandigwiritsa lamba wonyezimira uja pa chiwundo cha khonde, iwo akuboola bowo latsopano ndi msomali ndi mwala. Ankaseka, akuti imeneyo ndiye figa, azungu amachita kuvutikira kuti aonde chonchi. Patapita masiku tinaboolanso lina, kenako linanso. Ntchito anasiya kupitako, akuti ali pa ofu, ofu yake yosatha. Pansi pa bedi panabwera kachitini kovindikira kamene sankafuna kuti ndikayandikire. Galasi analitembenuzira kukhoma. Buledi amene mnzawo wa ku saluni ankawabweretsera ankandipatsa ine, akuti iwo adya kale, ndipo ndinene zoona pano, pakuti ndakula: ndinkadya buledi wa munthu wodwala ndikukondwa, ndikunyambita majarini m'njira yopita kusukulu.

Sikuti sindinkaona. Ndinkaona zonse. Koma zaka zimenezo munthu ukaonda n'kumatsokomola, azimayi a pampopi ankakuika m'manda usanafe. Matenda ake anali ndi mayina ambirimbiri onenera pansipansi, ndipo mtsikana wa thalauza, wa mu saluni, wokhala yekha, mlandu wake unali wogamulidwa kale. Achemwali anachoka pakhomo mutu uli m'mwamba, ndiye abwerere bwanji ali mafupa okhaokha kwa mayi amene anawachenjeza? Ndaganizira zimenezi zaka zambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti sakanatha kutumiza uthenga kwa amayi wakuti adzuka bwino. Bodza lotero, m'chinenero chimene anayamwira, likanawalemera pakamwa. Koma shapu sanali wa aliyense. Sankalonjeza kanthu, sankakana kanthu, ankangotseka chitseko mwaulemu. M'mawa wina anandigwira pamkono ndi zala zotentha ngati zachoka pa mbaula n'kunena kuti, "Ukawauze kuti ndili shapu, wamva? Usawonjezere." Ndinamva ngati andikweza udindo, ngati tsopano ndine mtsikana wamkulu wosunga zinsinsi za akuluakulu.

Kangapo amayi anandifunsa kuti, "Wamuona ndi maso ako?" Ndinkati eya, ndipo silinali bodza. Ankandiyang'ana pang'ono, kenako wogula ankaitana, nkhani n'kuthera pomwepo. Za bondo la amalume ndinkafotokoza mpaka mbali imene likuwawa, za nkhuku mpaka mtundu wa nthenga zake, koma za mwana wawo weniweni ndinkatula kamawu kamodzi n'kutenga chikwama cha mabuku.

Linali Lachiwiri, chakumapeto kwa Julaye, tsiku la kamvula kosalekeza kaja kolowa mpaka m'mafupa. Nditachoka kwa amalume ndinafika ku Chinseu n'kuodira katatu, koma kunali zii. Chitseko chinali chosakhoma. M'katimo fungo la sopo lija linali litatha, munali fungo lina limene sindinalidziwe nthawi imeneyo koma pano ndimalizindikira ndikangolowa m'chipinda cha wodwala. Achemwali anali pansi, pamphasa, chifukwa anatsika pabedi n'kulephera kukweranso. Kukamwa anali atagwirira chitenje, chimodzi mwa zitenje zimene amayi anawagulira kalekale, ndipo chinali ndi magazi. Ndinagwada pambali pawo. Pakamwa panga panatuluka funso lozolowera lija, pakuti lina ndinalibe: "Mwadzuka bwanji, achemwali?" Anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo yawo inayenda. Mawu sanatuluke, koma ndinawawerenga pamilomopo. Shapu.

Njira yokwera ku Malabada sinatalikepo ngati tsiku limenelo. Ndipo ngati dala, aliyense amene ndinakumana naye anali shapu. Anyamata awiri anapatsana shapu wina tsidya lino la msewu wina tsidya lija, osaima n'komwe. Kondakitala anamenya minibasi kumbali n'kukuwa shapu. Mayi wina wosenza nkhuni anayankha shapu kwa wa okala, khosi likunjenjemera ndi mtolo. Nditafika ndinapeza ogula anayi ataima, amayi ali kalikiliki. "Amalume ako?" anafunsa osadzutsa mutu. Ndinapereka msana, ndinapereka bondo. "Nanga winayo?" Umu ndi mmene ankawatchulira chiyambire mkangano uja. Kamawu kaja kanali kale pa lilime, kokonzeka, kopepuka, ndipo ndikanakatula ndikanafika kusukulu belu lisanalire. Ndinagwada m'matope momwemo, pamaso pa ogula onse, n'kunena kuti, "Amayi, achemwali sanadzuke bwino, ndipo si lero lokha." Zotsalazo zinangokhuthuka zokha, bulangete, lamba, kachitini, galasi, buledi amene ndinadya, magazi.

Amayi anaphula chiwaya n'kuchiika pansi, zitumbuwa zili momwemo zikumwa mafuta. Chibadwire ndinali ndisanaonepo zimenezo. Ogula aja sanawayang'ane n'komwe. Anangoti ndithamange ndikaitane amalume, iwo n'kuyamba kutsika chitunda ndi mwendo womwe uja umene unkakana kufika ngakhale pampopi. Pamene ine ndinkafika ku Chinseu, amalume akubwera m'mbuyo ndi njinga yobwereka, amayi anali akulowa kumene m'kachipinda kamene analumbira kuti sadzapondamo. Thalauza linali lopachikidwa pa msomali pamaso pawo penipeni, koma sanaliponyere diso. Sanalire, sanakalipe. Anakhala pansi, anatambasula mwendo wawo bwinobwino, anaika mutu wa achemwali pamiyendo pawo, n'kufunsa ndi mawu a tsiku lililonse ngati palibe chachitika: "Felesiya, wadzuka bwanji, mwana wanga?" Kenako anakhala chete kudikira.

Anadikira nthawi yaitali, mpaka ine ndinaganiza kuti yankho silibwera. Koma linabwera, pang'onopang'ono, mopumira, ndipo linali lalitali kuposa onse a amalume amene ndinasenzapo. Achemwali anayambira pachiyambi penipeni. Ananena za chifuwa chimene chinayamba mvula isanathe, za thukuta, za kubaya kwa m'nthiti, za chakudya chimene chinkakana kutsika, za tsiku limene anaona magazi koyamba n'kukhala pansi osadziwa woti amuuze. Ananena kuti ankaopa. Ananena kuti m'mawa uliwonse akamva odi wanga ankafuna kunena, koma pakamwa pankathamangira komwe panazolowera. Amayi sanawadule ngakhale kamodzi. Pa chilichonse ankangoti, "Pepa. Pepa, mwana wanga," akuwasisita tsitsi lija limene linali litayamba kuthothoka. Amalume anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

Anawakweza panjinga mpaka pamsewu, kenako minibasi mpaka kuchipatala chachikulu. Anapeza kuti chinali chifuwa chachikulu, chimene mankhwala ake analipo. Ngati panali china pansi pa chifuwacho, ife ana sitinauzidwe, ndipo sindidzadziwa. Chimene ndinamva ndi makutu anga, tsiku limene ndinapita ndi amayi kukasiya phala, ndi funso la adokotala lakuti nanga nthawi yonseyi munali naye kuti. Amayi anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana kukhoma. M'chipinda chomwecho munali amayi ena a chifuwa chomwecho amene anabwera msanga, ndipo ena mwa iwo tinawaona akulongedza n'kumapita kwawo. Achemwali anamwalira mu Seputembala, kutayamba kutentha, fumbi la ku Ndirande litayambiranso kulowa m'maso.

Pamaliro panabwera atsikana anzawo a ku saluni. Anali ana abwino, anatunga madzi, anaphika, analira misozi yeniyeni. Koma aliyense akafika pamene panakhala amayi ankawerama pang'ono n'kunena kuti sole masteni, sole, n'kudutsa. Amayi ankangogwedeza mutu. Patapita masabata angapo, titabwerera ku zitumbuwa zathu, anandifunsa m'mawa wina osandiyang'ana kuti bulangete lija ndinayamba kuliona liti. Ndinawerenga ndi zala, kuyambira sabata imene tinalemba mayeso a masamu, n'kupeza masabata asanu ndi awiri. Ndinadikira khofi, ndipo ndikanalilandira ndi manja awiri, mwina likanandipepuza. Koma iwo anangoti, "Iwe unkabweretsa, ine ndinkalandira." Anatembenuza zitumbuwa, n'kundiuza kuti ndithamange kwa amalume. Mpaka imfa yawo nkhaniyi sitinaikambenso.

Pano ndine mayi wamkulu, ndimakhala ku Zingwangwa, ndipo ana a pamalo pathu amandidziwa kuti ndine wovuta. Ndimawamva akamanong'onezana kuti amayi aja musawapatse moni wachidule, akusungani mpaka dzuwa litalowa. Sikuti ndimadana ndi Chingerezi. Ndinachiphunzira, ndipo chimandidyetsa kuntchito mpaka lero. Chimene chimanditopetsa ndi timawu totha ntchito timeneti, timene munthu amakuponyera akuyenda ngati akuponyera galu fupa kuti asamutsatire. Shapu uja akadalipo, wakalamba koma sakufa, ndipo anabereka ana ndi zidzukulu. Pano kuli bho, kuli itsi fayini, kuli nowarizi, kuli ayamu gudu. Kuntchito munthu amakuuza noprobulemu m'mawa, masana n'kupeza kuti probulemu yake ndi yonse. Pamaliro anthu amafola ndi sole wawo ngati akudula tikiti. Kale ndinkakangana nawo, ndinkawabweza monga anandibwezera amayi tsiku lija. Masiku ano nthawi zambiri ndimangoti mhm, ndipo ndikadzimva ndikutero ndimachita mantha, chifukwa mhm ameneyo ndimamudziwa kumene anatifikitsa.

Ndikudziwa kuti mawu sapha munthu. Achemwali anafa ndi chifuwa, ndi mantha, ndi kuuma mutu kwa anthu awiri okondana, ndi mwana wopusa wokonda buledi. Ndikudziwanso kuti munthu atha kunena kuti ndadzuka bwino ali ndi nthenda m'thupi, amalume okha ndiwo anali osabisa kanthu. Koma moni wathu uja unali ndi pokhala. Wofunsa ankagwada, woyankha ankaona kuti munthuyu sachoka msanga, ndipo m'kachetechete kameneko zoona zinkapeza mpata wotulukira. Timawu tatsopanoti tinapangidwira anthu othamanga. Wofunsa safuna kumva, woyankha safuna kunena, onse awiri amasiyana okhutira.

Mwana wanga wamwamuna anayamba ntchito chaka chatha ndipo akuchita lendi ku Machinjiri. M'mawa uliwonse ndimamulembera pafoni kumufunsa mmene wadzukira. Mwezi watha anandiyankha kuti shapu mamu Lolemba, shapu mamu Lachiwiri, shapu mamu Lachitatu. Lachinayi ndinapempha kuntchito, ndinavala nsapato, n'kukwera maminibasi awiri, mawondo akundiwawa ngati a malemu amalume. Ndinamupeza akukazinga mazira, wailesi ili pamwamba, wonenepa bwino, wathanzi ngati ng'ombe. Anadzidzimuka, kenako anakwiya pang'ono. "Mamu, mwabwereranji osaimba? Ndinakuuzanitu kuti ndili shapu." Ndinamuuza kuti ndabwera kudzamudzutsa. Anaseka, anapukusa mutu, anandiikira tiyi, n'kumandifotokozera kuti dziko linasintha, anthu sayenderananso chifukwa cha moni. Ndinavomera zonse, pakuti ankanena zoona ndipo mphamvu zotsutsa ndinalibe. Koma pamene anatembenuka kuti aphule mazira aja, ndinatenga lamba wake amene anali pampando, n'kuyamba kuwerenga mabowo.